Mtsinje Woyenda M'malere: Mbiri ya Mlatho wa Pontcysyllte

Bwato likamanyamuka padoko la Trevor, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la Wales, poyamba palibe chodabwitsa. Madzi ali bata, abakha akusambira m'mbali, woyendetsa wagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi. Kenako mitengo imayamba kufupika. Posakhalitsa nsonga zake zili kunsi kwa mapazi ako, ndipo mbalame zimene unazolowera kuziona chogadama ukuziona kumsana. Kumanzere kuli kanjira ka oyenda pansi, kotchingidwa ndi zitsulo zogwirira. Kumanja kuli kamkombero kachitsulo kotumphuka pang'ono pamwamba pa madzi, kosaposa chikhato, ndipo kuseri kwake ndi phompho la mamita 38. Pansi penipenipo mtsinje wa Dee ukuchita thovu pamiyala. Apa ngakhale olongolola amakhala chete.

Umenewu ndi mlatho wa Pontcysyllte. Milatho yambiri imaolotsa anthu, ngolo ndi sitima pamwamba pa madzi. Uwu umaolotsa madzi enieniwo, pamodzi ndi mabwato oyandama m'menemo, pamwamba pa mtsinje. Unatsegulidwa mu 1805, ndi wotalika mamita 307, ndipo m'Britain monse mulibe mlatho wina wonyamula ngalande wouposa kutalika kapena kukwera. Dzina lake ndi la m'chinenero cha anthu a ku Wales. "Pont" ndi mlatho, ndipo Cysyllte ndi dera limene lili m'chigwamo. Dzinali unalitengera kwa kamlatho kakale kamiyala kamene kali chapafupi, komangidwa cha m'ma 1690, kamene magalimoto akuolokerabe mpaka lero.

Alendo amabwera kudzaona kukwera kwake, ndipo sanama, kumachititsa nthumanzi. Koma mbiri yake ili ndi china chozama. Ulendo waukulu umene anaumangira mlathowu sunatheke. Malonda amene unkanyamula anatha. Eni ake anafika popempha chilolezo choutaya. Unapulumuka chifukwa cha ntchito yaing'ono imene pachiyambi inali yongowonjezera: kupititsa madzi.

Nyengo imene anthu anapenga ndi ngalande

M'zaka za m'ma 1700 nthaka ya Britain inali yodzaza ndi malasha, miyala ya chitsulo ndi miyala ya laimu, koma kunyamula kwake kunali chintchito. Misewu inali yokumbikakumbika, ndipo nthawi ya mvula ndi chisanu ngolo zinkatitimira m'matope mpaka m'ma ekiselo. Hatchi imodzi pamsewu wotere inkakoka katundu wochepa kwambiri. Hatchi yomweyo, ikamayenda m'mbali mwa madzi odekha n'kumakoka bwato ndi chingwe, inkatha kusuntha matani oposa 20 popanda kupuma wefuwefu.

Amene anaonetsa anthu zimenezi poyera anali mfumu ina yachuma, Duke of Bridgewater, yemwe anakumbitsa ngalande yochokera ku migodi yake ya malasha ku Worsley kupita ku Manchester. Inatsegulidwa mu 1761, ndipo mtengo wa malasha mumzindawo unatsika pafupifupi ndi theka. Mmisiri wake James Brindley anaiolotsa ngalandeyo pamwamba pa mtsinje wa Irwell pamalo otchedwa Barton, anthu n'kumachokera kutali kudzaona bwato likudutsa pamwamba pa bwato linzake. Kuyambira pamenepo tauni iliyonse inkafuna ngalande yakeyake. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790 anthu ankalimbirana masheya a makampani a ngalande ngati chimanga cha chaka cha njala.

Mu September 1792 khamu la anthu linasonkhana m'tauni yaing'ono ya Ellesmere, m'boma la Shropshire, kudzalembetsa ndalama za ngalande yatsopano, ndipo zimene analonjeza zinaposa zimene zinkafunika. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inavomereza ntchitoyo. Cholinga chinali chachikulu: kulumikiza mitsinje itatu, Mersey, Dee ndi Severn, kuti katundu wochokera kudoko la Liverpool azitsika pamadzi kudzera ku Chester ndi Wrexham mpaka ku Shrewsbury, ndipo panjira azitenga malasha ndi chitsulo cha ku Ruabon. Pamapu mzerewo unkaoneka wowongoka bwino. Pansi penipeni panali zigwa ziwiri zakuya, cha mtsinje wa Ceiriog ndi cha mtsinje wa Dee, zogona chopingasa panjirayo.

Mwana wa mbusa ndi mkulu wake pantchito

Kampani ya Ellesmere Canal inalemba ntchito anthu awiri. Injiniya wamkulu anali William Jessop, wobadwa mu 1745, katswiri wa ngalande wodalirika koposa m'nthawi yakeyo, munthu wofatsa wosakonda kudzitchula. Pansi pake, ngati woyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku, anaikapo Thomas Telford, yemwe anali asanakumbepo ngalande yaikulu.

Telford anabadwa mu 1757 ku Eskdale, kumwera kwa Scotland. Bambo ake anali mbusa wa nkhosa ndipo anamwalira iye ali wakhanda wa miyezi yochepa. Mayi ake anamulera movutika. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira kusema miyala, ndipo chizindikiro chimene ankadinda pamiyala yake chikuonekabe pamlatho wa m'tauni ya Langholm. Anapita ku Edinburgh, kenako ku London komwe anagwira nawo ntchito yomanga Somerset House, n'kumadziphunzitsa yekha usiku zojambula mapulani ndi zina zimene sukulu sinamupatse. Mu 1787, mothandizidwa ndi William Pulteney, mwini chuma wamphamvu, anakhala woyang'anira zomangamanga m'boma la Shropshire. M'boma lomwelo, pafupi ndi Coalbrookdale, munali mlatho woyamba waukulu wachitsulo padziko, umene Abraham Darby III anamanga pamtsinje wa Severn mu 1779. Mmisiri wa miyala uja anafika m'dziko la osula, ndipo anatsegula maso.

Funso lakuti nzeru ya mlatho wa Pontcysyllte inali ya ndani lakhala likuzunguza olemba mbiri. Telford, m'buku la moyo wake limene linatuluka iye atamwalira, anaulemba ngati wakewake ndipo Jessop sanamutchule kwenikweni. Jessop sanasiye buku lodzifotokozera. Wolemba mbiri ya ngalande Charles Hadfield analimbikira kunena kuti mkuluyu anaphimbidwa mopanda chilungamo, popeza ndiye anali ndi mawu omaliza ndipo ndiye analangiza kampani mu July 1795 kuti mlathowo ukhale wachitsulo. Mutu umodzi susenza denga. Wina anali ndi changu cha unyamata ndi dzanja lodziwa mwala, wina anali ndi zaka zambiri m'ntchito ndi dzina limene eni ndalama akanalikhulupirira. Lero onse awiri amatchulidwa limodzi, ndipo n'koyenera.

Vuto la chigwa cha Dee

Madzi sakwera chitunda. Ngalande ikafika pamalo okwera kapena otsika, amamanga kachipinda kamadzi kokhala ndi zitseko kutsogolo ndi kumbuyo. Bwato limalowa, amatseka, amadzaza madzi kapena kuwaphwetsa, ndipo bwato limakwera kapena kutsika ngati pamasitepe. Njirayi imagwira ntchito, koma imadya nthawi, ndipo bwato lililonse likadutsa madzi ambirimbiri amapita kumunsi osabwereranso. Pulani yoyamba ya pa Dee inali yotere: kutsitsa ngalande ndi zipinda zingapo mbali ino, kuiolotsa pakamlatho kakafupi kamiyala, n'kuikwezanso ndi zipinda zina tsidya linalo.

Kamlathoko kakanayenera kukhala kakafupi chifukwa cha mamangidwe a nthawi imeneyo. Kuti madzi asadonthe, amisiri a m'mbuyo mwa Brindley ankamata ngalande ndi dongo lochindikala, loponda ngati la njerwa. Dongo lonyowa ndi lolemera, madzi ndi olemera, ndipo makoma oti agwire zonsezi ankakhala aakulu zedi. Katundu wotere sungamuike pazipilala zazitali zoonda.

Chitsulo ndicho chinamasula mfundoyi. Ngati madzi angayende m'chomwera chachitali chachitsulo, chonga chomwera ng'ombe koma chokwana bwato, dongo silifunikanso, kulemera kumachepa, ndipo zipilala zikhoza kukwera mpaka kufanana ndi mapiri a mbali zonse ziwiri. Ngalande ingathe kungodutsa m'malere osatsika ngakhale phazi limodzi. Nzeruyi anayamba kuiyesa pamalo aang'ono. Benjamin Outram, mnzake wa Jessop pa bizinesi, anamanga kamlatho kotere ku Derby, ndipo Telford anamanga wina ku Longdon-on-Tern, pa Shrewsbury Canal, umene unatha mu 1796 ndipo udakalipo m'munda wina ngakhale ngalande yake inauma kalekale. Koma yonseyi inali yofupika. Kukweza chomwera chachitsulo mamita 38 kunali kuponda pamene munthu anali asanapondepo.

Mwala woyamba anauika pa 25 July 1795, ndipo anauika ndi Richard Myddelton wa ku Chirk Castle, phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ntchito sinathamange. Kwa zaka zingapo mphamvu zambiri zinapita ku chigwa china chija cha Ceiriog, ku Chirk, komwe anamanga mlatho wa mamita 21 kukwera kwake, wamakoma amiyala koma pansi pake pachitsulo. Umenewu unatha mu 1801, ndipo umaolotsa mabwato pamalire enieni a England ndi Wales, n'kuwalowetsa m'mphanga yoboola phiri yotalika mamita 421. Zimene anaphunzira ku Chirk anabwera nazo pa Dee.

Mwala, chitsulo ndi manja

Munthu ukatsika m'chigwa n'kuima patsinde pa chipilala chimodzi, m'pamene umamvetsa ntchito imene inagwiridwa. Zipilala zilipo 18, za mwala wachikasu wokumbidwa ku Cefn, phiri loyandikana nalo. Miyalayo inasemedwa bwino kwambiri moti mizere yolumikizira ndi yopyapyala ngati yojambula ndi pensulo. Chipilala chilichonse ndi chonenepa kumunsi, n'kumaonda pokwera. Kuyambira pa mamita pafupifupi 21 kupita m'mwamba m'kati mwake ndi mwamphako, muli timakoma topingasa tokha. Telford ankadana ndi chizolowezi chomanga kunja kokongola n'kudzaza zibuma m'kati. Khoma lamphako limapepuka, komanso mmisiri sangabisemo ulesi, chifukwa mwala uliwonse umaoneka mbali zonse. Nkhani imene anthu a kumeneko amasimba ndi yakuti m'matope omangira, a laimu ndi madzi, ankasakanizamo magazi a ng'ombe kuti alimbe.

Pamwamba pa zipilala pali mipata 19, ndipo mpata uliwonse walumikizidwa ndi nthiti zinayi zachitsulo zopindika ngati uta. Pa nthitizo m'pamene pagona chomwera chija, chotambalala mamita 3.6 ndi chakuya mamita 1.6. Zitsulo zonsezi anazisungunula n'kuzithira m'zikombole pafupi pomwepo, ku ng'anjo ya Plas Kynaston ku Cefn Mawr, ya William Hazledine. Telford ankamutcha munthuyu Merlin, dzina la mfiti yotchuka ya m'nthano za ku Britain, chifukwa cha zimene ankatha kuchita ndi chitsulo. Mbale zachitsulozo anazimanga ndi mabawuti, ndipo m'molumikizira, malinga n'kusimba kwa anthu, anatsekamo ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa ya ku Wales yoviika mu shuga wowira, pamodzi ndi mtovu.

Kanjira ka hatchi nako kali ndi nzeru yake. Sanakamange pambali pa chomwera. Anakaika pamwamba pa madzi, moti madzi amapitirira kunsi kwake. Bwato likamayenda m'mpata wothina limakankha madzi kutsogolo kwake, ndipo hatchi imavutika ngati ikukoka phiri. Apa madzi okankhidwawo amapeza pothawira pansi pa kanjirako, n'kubwerera kumbuyo kwa bwato.

Kumwera kwa mlathowu, ku Froncysyllte, kuli ntchito ina imene alendo ambiri amaiponda osaizindikira: chimulu chadothi chokwera pafupifupi mamita 30 chimene chimabweretsa ngalande kudzakumana ndi chipilala choyamba. Lero chamera mitengo ndipo chimaoneka ngati phiri lachilengedwe. Dothi lonselo linabwera ndi mafosholo, mawilibala, ngolo ndi mabwato.

Woyang'anira ntchito pamalopo anali Matthew Davidson, mnzake wa Telford wa kwawo ku Langholm, ndipo mmodzi mwa akuluakulu a amisiri a miyala anali John Simpson wa ku Shrewsbury. Pachipilala china pali chikwangwani chachitsulo chotamanda olemekezeka ndi eni malo a maboma ozungulira amene anasonkha ndalama. Mayina a amene anakwera m'mwambamo m'mphepo yozizira, atagwira nyundo ndi zala zouma, palibe. Telford analemba kuti pantchito yonseyo munthu mmodzi yekha ndi amene anagwa n'kufa, chinthu chosowa m'nthawi imene moyo wa wantchito unkatsika mtengo. Mlendo woima patsinde pa chipilala ayenera kuwakumbukira anthu amenewa, pakuti mzere uliwonse wowongoka umene akuuona unadutsa m'manja mwa wina.

Chikondwerero, ndi njira yothera panjira

Pa 26 November 1805, patangopita mwezi umodzi chichitikire nkhondo ya panyanja ya Trafalgar, anthu pafupifupi 8,000 anadzaza m'mapiri ozungulira. Mizinga inalira, oimba anaimba, ndipo mabwato anaoloka mondondozana, oyamba atanyamula akuluakulu a kampani, otsatira atanyamula malasha. Mlathowu unadya mapaundi pafupifupi 47,000.

Koma tsiku limenelo akuluakuluwo ankadziwa kale chimene khamulo mwina silinkachilabadira. Kumpoto kwa mlatho, ngalande inkangoyenda mamita ochepa n'kuthera padoko la Trevor. Chigawo chopita ku Wrexham ndi Chester chinkafuna kudutsa mapiri, chinkafuna zipinda zamadzi zambirimbiri, ndipo nkhondo yolimbana ndi France, imene inayamba mu 1793, inali itakweza mitengo ya zinthu n'kuumitsa matumba a eni masheya. Kachigawo kochepa kamene anakumba ku Ffrwd anakasiya. Kumwera nakonso ngalande inaima pa Weston Lullingfields, osafika ku Shrewsbury. Mitsinje itatu ija sinakumane monga analotera. Njira yotulukira anaipeza chakum'mawa, polumikiza ngalandeyi ndi Chester Canal pamalo otchedwa Hurleston, pafupi ndi Nantwich.

Kusintha kumeneku kunabala vuto lina. Madzi odzaza ngalande yonse ankayembekezeka kuchokera kumapiri a kumpoto kuja, kumene tsopano sikukafikidwanso. Yankho linali kukumba kangalande kopapatiza kuchokera ku Trevor, kutsata chigwa chokwera, kudutsa tauni ya Llangollen, mpaka ku Llantysilio. Kumeneko anamanga khoma lalifupi lokhota ngati chiboda cha hatchi, lotalika mamita pafupifupi 140, lopatutsa ena mwa madzi a Dee kuwalowetsa m'ngalande. Malowa amatchedwa Horseshoe Falls, ndipo ntchitoyi inatha mu 1808. Kumtunda kwenikweni, panyanja ya Bala, anakonza zoti azisunga madzi a nthawi yachilala. Palibe amene anaombera mizinga kangalande kameneka, koma ndiko kanadzasunga moyo wa mlatho.

Ngakhale njira yaikulu inalephera, mlathowu sunakhale chabe. Tinjanji ta ngolo zokokedwa ndi mahatchi tinkatsitsa katundu kuchokera ku migodi ndi ng'anjo za Ruabon ndi Cefn Mawr kufika padoko la Trevor. Mabwato aatali oonda ankaolotsa malasha, chitsulo, njerwa, matailosi ndi masileti ofolera nyumba. Ku Froncysyllte kunali mauvuni ootchera laimu, amene alimi a ku Shropshire ndi Cheshire ankathira m'minda yawo. Midzi ya m'chigwamo inakula ndi utsi ndi phokoso la nyundo. Telford naye anapita patsogolo: Caledonian Canal ku Scotland, Göta Canal ku Sweden, msewu wa London kupita ku Holyhead, ndi mlatho wolenjekeka wa Menai wa 1826. Anakhala pulezidenti woyamba wa bungwe la mainjiniya la Institution of Civil Engineers, ndipo pachithunzi chake chimene bungweli limasunga, kumbuyo kwake kukuoneka Pontcysyllte. Anamwalira mu 1834 ndipo anaikidwa ku Westminster Abbey.

Njanji ifika, madzi atsala

Mlendo woima pamlathowu akayang'ana kum'mawa amaona mlatho wina wamiyala ukudutsa chigwa chomwecho. Umenewo ndi wa njanji, womangidwa ndi Henry Robertson mu 1848, ndipo ku Chirk injiniya yemweyo anamanga wina moyandikana ndi wa ngalande, wokwererapo pang'ono. Sitima inkafika tsiku lomwelo kumene bwato linkafika patapita masiku. Makampani a ngalande anayamba kuphatikizana kuti apulumuke. Mu 1846 ngalandeyi inalowa m'kampani ya Shropshire Union, ndipo posakhalitsa inagwa m'manja mwa kampani ya njanji ya London and North Western Railway. Inapitiriza kunyamula katundu kwa zaka zambiri, koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, malole atayamba kudzaza m'misewu, mabwato anachepa chaka ndi chaka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 malonda anali atatheratu.

Mu 1944 eni ake a nthawiyo, London, Midland and Scottish Railway, anapeza chilolezo cha Nyumba ya Malamulo chotseka ngalande zambiri za m'derali, kuphatikizapo imeneyi. Zina mwa zimene zinatsekedwa chaka chimenecho zinauma, zinamera bango, milatho yake inagwetsedwa ndipo alimi anazilima. Ya ku Llangollen sanathe kuiumitsa. Madzi a ku Horseshoe Falls ndi amene ankadyetsa ngalande zina za kumunsi, ndipo mafakitale ena a m'mbali ankamwa omwewo. Mu September 1945 gombe la ngalande linagumuka ku Sun Bank, pafupi ndi Llangollen, madzi n'kukokolola njanji imene inali kunsi kwake, ndipo sitima imene inafika usiku womwewo inagwa, woyendetsa n'kufa. Ngakhale pamenepo anaikonza, chifukwa madzi ankafunikabe. M'zaka za m'ma 1950 bungwe loona za madzi akumwa ku Cheshire linagwirizana ndi oyang'anira ngalande kuti izibweretsa madzi kudamu la Hurleston. Mpaka lero malita pafupifupi 50 miliyoni amatsika njira imeneyi tsiku lililonse, ndipo anthu ambiri a ku Cheshire akatsegula mpopi amamwa madzi amene anaoloka m'malere pa Pontcysyllte.

Nthawi yomweyo kunadzuka anthu amene ankazikonda ngalande chifukwa cha bata lake. Buku la L. T. C. Rolt lotchedwa Narrow Boat, la 1944, linakhudza mitima ya ambiri, ndipo mu 1946 kunabadwa bungwe la Inland Waterways Association lomenyera kuti ngalande zisafe. Rolt yemweyo anayesa kukwera ngalande ya Llangollen ndi bwato lake Cressy mu 1947, koma udzu wa m'madzi ndi kuphwa kwa ngalande zinamubweza. Anabweranso mu 1949 ndipo anaoloka. Ena anatsatira, chaka ndi chaka, mpaka lamulo la 1968 linaiika m'gulu la ngalande zosungidwira maulendo osangalala. Njanji yodutsa ku Llangollen, imene inalanda malonda a mabwato, inasiya kunyamula anthu mu 1965, ndipo kachigawo kake kamene kakuyenda lero kanatsitsimutsidwa ndi anthu odzipereka.

Cholowa cha dziko lonse

Pa 27 June 2009, pamsonkhano wa ku Seville, bungwe la UNESCO linalemba mlathowu m'kaundula wa malo a cholowa cha dziko lonse, kaundula yemweyo amene muli zojambula za pamiyala za ku Chongoni ndi paki ya Nyanja ya Malawi. Sanalembe mlatho wokha. Analemba makilomita 18 a ngalande, kuyambira ku Gledrid m'dziko la England, kudutsa mlatho ndi mphanga za ku Chirk, mpaka ku Horseshoe Falls. Anachita bwino, chifukwa mlatho popanda kangalande kodyetsa kaja ukanakhala chigoba. Kuyambira 2012 amausamalira ndi a bungwe la Canal & River Trust.

Mlendo wa lero ali ndi njira zingapo. Angathe kuoloka wapansi kwaulere, dzanja lili pachitsulo chozizira, mphepo ikumuomba m'makutu, akupatukirana ndi anzake pakanjira kopapatiza. Angathe kukwera bwato ku Trevor kapena ku Llangollen. Mabwato amayenda liwiro la munthu woyenda pansi, ndipo popeza pamlatho sapambanitsana, woyendetsa amayamba wasuzumira kutsidya ngati kukubwera mnzake. Olimba mtima amapalasa timabwato tating'ono. Padoko la Llangollen pali mabwato okokedwa ndi hatchi, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1880, opita chakumtunda kumene injini sizifika. M'menemo umamva ziboda pakanjira, chingwe chikukhuza udzu, ndi madzi akunong'ona pansi pa bwato, monga ankamvera anthu a zaka 200 zapitazo. Ndipo amene akufuna kuuona mlatho wonse bwinobwino atsikire ku kamlatho kakale kaja m'chigwa, madzulo dzuwa likamapendeka, pamene mwala umasanduka wagolide ndipo bwato limaoneka ngati kachilombo koyenda pa ulusi.

Pakapita zaka zingapo oyang'anira amatseka mbali zonse ziwiri kuti aone m'kati mwa chomwera. Pakati pa mlatho pali chotsekera. Akachizula, madzi okwana malita pafupifupi 1.5 miliyoni amagwa ngati mathithi kubwerera mu Dee, mtsinje umene anachokera. Madzi saiwala khwawa. Amisiri amatsikira m'chomwera chouma atavala majombo, n'kumayenda akugogoda mbale ndi mbale, bawuti ndi bawuti. Kukonza kwakukulu kunachitika mu 2003 ndi 2004, pokonzekera zaka 200 za mlathowu, ndipo mbale zambiri zimene amazigogodazo ndi zomwe zija za Hazledine.

Nyumba yopanda anthu imagwa msanga kuposa yokhalamo anthu, chifukwa wokhalamo ndi amene amaona podontha. Pontcysyllte waima zaka zoposa 200 chifukwa omanga ake sanabe ntchito, komanso chifukwa pa m'badwo uliwonse panapezeka wina woufuna: wogulitsa malasha, mlimi wofuna laimu, mayi wotunga madzi pampopi ku Cheshire, wapabwato wofuna bata, ndipo tsopano mlendo wochokera kutali. Aliyense wa iwo anapereka chifukwa choti wina atsike ndi sipanala kukamanga bawuti yomasuka.

Ukaima pakati pa mlathowu tsiku lopanda mphepo, ponya maso pamadzi. Tsamba likagwerapo silikhala pamodzi. Limayenda pang'onopang'ono kuchoka ku Trevor kulowera ku Froncysyllte, ulendo wa ku England. Madzi amenewo anapatuka mu Dee makilomita ochepa kumtunda, ndipo tsopano akudutsa pamwamba pa mayi wawo amene akubangula pansipo, akupita kukathetsa ludzu la anthu amene mwina sanauonepo mlathowu.